Mawu amene alendo amalemba pa Google: mmene ndinasankhira zida zowafufuzira

Amalume anga ali ndi malo ogona alendo ku Chembe, mudzi umene anthu akunja amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear. Si malo aakulu ayi. Zipinda zilipo 6, kutsogolo kuli mchenga, ndipo ukakhala pakhonde chilumba cha Thumbi chimaoneka chapoteropo. Chaka cha 2023 chitangoyamba anandiitanitsa kuchoka ku Zomba kuti ndidzawathandize za pakompyuta. Webusayiti inalipo kale. Anawakonzera mnyamata wina wa m'tauni, ndipo inali yokongola ndithu, yodzaza ndi zithunzi za dzuwa likulowa m'nyanja. Koma miyezi inkatha osalandira mlendo ngakhale mmodzi woti wabwera chifukwa choiona. Ambiri ankadzera m'makampani akuluakulu osungitsirako malo pa intaneti, amene pa chipinda chilichonse amatapapo gawo lawo.

Tsiku lina madzulo tikudya nsima ya usipa, amalume anandifunsa kuti, "Mphwanga, ndalama ndinalipira, ndipo akuti chinthucho chili pa intaneti. Nanga anthu akulephera bwanji kuchiona?"

Funso limeneli ndi limene linandilowetsa mu zimene amazitcha SEO, luso lokonza webusayiti kuti izituluka pamwamba munthu akafufuza pa Google, iwe osalipira zotsatsa malonda. Phata la ntchito yonseyi ndi keyword, kutanthauza mawu enieni amene munthu amalemba m'kabokosi kofufuzira kaja. Ukawadziwa mawuwo umalemba tsamba lowayankha. Ukapanda kuwadziwa umangoponya chilimira pamene usipa sunadutse. Zida zothandiza kupeza mawu amenewa zilipo zambiri, zaulere ndi zolipira, ndipo ndikulemba izi chifukwa posankha zidazi ndinataya ndalama za banja ndi miyezi ingapo. Sindikufuna kuti wina wa bizinesi yaing'ono ngati yathu adutse njira yomweyo.

Ndinayamba ndi kuonera mavidiyo a akatswiri akunja. Onse ankatchula mayina omwewo: Ahrefs, Semrush, Moz, Ubersuggest. Ankatsegula chida, kulemba liwu limodzi, ndiye pankatuluka mawu masauzande, lililonse ndi nambala yake ya anthu olifufuza pamwezi. Mtima wanga unatengeka. Vuto linali mtengo, pakuti pulani yokwanira ya zida zikuluzikuluzi imapitirira madola 100 pamwezi, ndipo kulipira madola uli ku Malawi kuno aliyense akudziwa mmene kumavutira. Ndinapempha msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti alipire ndi khadi lake, ine ndizibweza makwacha kwa amayi ake pa Mpamba. Chida chimene ndinasankha sindichitchula dzina, chifukwa chinachita zonse zimene chinalonjeza. Cholakwika chinali mmene ineyo ndinachigwiritsira ntchito.

Tinalipira mu October 2023. Sindinawerenge kuti mwezi ukatha malipirowo amadzibwereza okha. Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700, ndipo masiku omwewo khadi la msuweni wanga linadulidwanso. Ndalama yobweza inakwera kwambiri pa chinthu chomwecho. Ndinapita kwa amalume kukawafotokozera, ndipo anakhala chete nthawi yaitali asanandiuze kuti tibweza basi, mwana wa eni asavutike. Chete ameneyo ndimamukumbukirabe.

Koma kutaya kwakukulu sikunali ndalamazo. Kunali zimene ndinachita ndi manambala amene chidacho chinandipatsa. Ndinasanja mawu kuyambira a nambala yaikulu, ndipo pamwamba panali "Lake Malawi" ndi ena ofanana nawo. Ndinakhala milungu itatu ndikulemba masamba aatali onena za nyanja yathu, kutalika kwake, mbiri ya David Livingstone, ndi zoti Lake Malawi National Park inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Zonse zoona, koma palibe anaziwerenga. Ndikanangolemba mawuwo pa Google ndi kuyang'ana ndi maso anga, ndikanaona kuti tsamba loyamba ladzaza ndi Wikipedia, Tripadvisor, Booking.com ndi ena amene akhalapo zaka zambiri. Kanyumba ka zipinda 6 sikangawasunthe amenewo.

Panalinso china chimene sindinachiganizire n'komwe. Ambiri olemba dzina la nyanja yathu pa Google alibe cholinga chobwera kuno. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ochuluka oweta mbuna m'magalasi a madzi m'nyumba zawo, ndipo akafufuza za Lake Malawi amafuna kudziwa chakudya cha nsombazo ndi kutentha kwa madzi ake. Ena ndi ana asukulu. Nambala yaikulu ija inaphatikiza onsewa. Chida chimakuuza kuchuluka kwa ofufuza, koma chimene akufuna mumtima uyenera kuchiona wekha poyang'ana zimene Google yaika pamwamba pa mawuwo. Ngati pali zithunzi za nsomba ndi masitolo ogulitsa magalasi, dziwa kuti pamenepo palibe wofuna chipinda.

Ndipo mawu amene ndinkadziwa bwino kuti alendo athu amafunsa, chidacho chinkawaonetsa 0 kapena kungosiya mpata. Ine ndinakhulupirira chidacho kuposa makutu anga, ndipo ndinawachotsa pa mndandanda.

Amene anandibweza ndi azakhali, akazi awo a amalume, amene amalandira alendo ndi kuwaphikira. Anandipeza m'mawa wina ndili pa laputopu ndipo anati, "Mwanawe, ukuvutikiranji? Azungu onse akangofika funso lawo ndi limodzi. Amaloza madzi n'kufunsa za likodzo." Anawonjezera kuti lachiwiri ndi la sitima ya Ilala, kuti imanyamuka liti ku Monkey Bay, ndipo lachitatu ndi la mayendedwe ochokera ku Lilongwe kwa munthu wopanda galimoto.

Tsiku limenelo ndinatenga foni ya bizinesi ndi kuwerenga mauthenga onse a pa WhatsApp a chaka chathunthu. Funso lililonse ndinkalikopera mu kope mmene mwiniwake analilembera, osakonza kalikonse. Mafunso ankabwerezabwereza: kodi n'kotheka kusamba m'nyanjamo, kodi pali ATM pafupi, kodi msewu wa ku Golomoti ukuyendeka nthawi ya mvula, kodi kupita ku Domwe pa kayak ndi ndalama zingati, kodi netiweki imagwira. Kope limenelo ndi chida changa choyamba mpaka lero, ndipo ngati muli ndi bizinesi imene yayenda kale ngakhale miyezi 6, inunso muli nalo m'foni mwanu.

Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake zida zolipira zinkaonetsa 0. Zidazi si za Google, ndipo manambala awo ndi ongoyerekeza. Amawapanga pophatikiza zimene Google imaonetsa otsatsa malonda ndi kalondolondo wa mmene anthu ena amayendera pa intaneti, amene makampaniwa amachita kugula. Ku dziko ngati Britain kapena America, kumene ofufuza ndi mamiliyoni, kuyerekezako kumayandikira choonadi. Kwa dziko ngati lathu, kapena kwa mawu ofufuzidwa ndi anthu ochepa, ukondewo ndi wa maso aakulu, tinsomba tating'ono timangodutsa. Google yomwe inanenapo kuti pa zofufuza za tsiku lililonse, 15 peresenti zimakhala zoti sinazionepo ndi kale lonse. Choncho 0 wa chida sakutanthauza kuti kulibe munthu. Ndipo kwa ife, anthu 10 okha pamwezi ofunsa za ulendo wa ku Cape Maclear ndi ofunika kuposa 10,000 oweta nsomba, chifukwa 10 amenewo chikwama amanga kale.

Chida chimene ndikanayenera kuyamba nacho ndi Google Search Console. Ndi chaulere, ndipo ndinachipeza mochedwa chifukwa palibe amachitsatsa mokuwa ngati zinazo. Chimafuna kuti utsimikize kuti webusayitiyo ndi yako, mwina poika kafayilo kena pa webusayitiyo kapena powonjezera mzere umodzi kumene unagula dzina lake. Apa mungafune thandizo la amene anakupangirani webusayiti, ndipo musachite manyazi kumupempha, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ukatsegula gawo lotchedwa Performance umaona mawu enieni amene anthu analemba pamene tsamba lako linaonekera, kangati linaonekera, angati anadina, ndiponso linali pa nambala chani. Umatha kusefa potengera dziko, kapena kuona ngati anali pa foni kapena pa kompyuta. Chimasunga mbiri ya miyezi 16, koma musayembekezere kupeza zakale zonse tsiku lomwe mwachilumikiza, n'chifukwa chake ndi bwino kuchilumikiza lero ngakhale simunakonzeke kuchita china chilichonse.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo manambala a mu Search Console ndi otero. Si oyerekeza, ndi a webusayiti yako yeniyeni. Mmenemo ndinaona kuti anthu ambiri amalemba "Cape Mclear", ena "Cape McClear", ndipo ena ankatipeza pa mawu okhudza mabwato opita ku Thumbi ngakhale tinali tisanalembepo tsamba la zimenezo, tinangotchula m'chiganizo chimodzi. Mawu oterewa, amene uli kale pa nambala 9, 12 kapena 15, ndi amene ndimayamba nawo. Google yaona kale kuti uli pafupi ndi yankho, chatsala n'kulemba yankholo mokwanira. Chofooka chake n'chakuti chimangokuonetsa mawu amene ukuonekera kale, ndipo ena ofufuzidwa mwa apo ndi apo chimawabisa pofuna kuteteza chinsinsi cha anthu. Pofuna mawu atsopano pamafunika china.

Apa ndi pamene Keyword Planner imalowa. Ili m'kati mwa Google Ads, malo a Google otsatsira malonda, ndipo umafunika kutsegula akaunti, koma sukakamizidwa kutsatsa malonda. Polembetsa khalani tcheru kuti musayambitse kampeni yotsatsa malonda mosadziwa. Ngati sukulipira zotsatsa, sikupatsa nambala yeniyeni koma mpata, monga 10 mpaka 100, kapena 100 mpaka 1,000. Poyamba zimenezi zinandikhumudwitsa, koma ndinazindikira kuti kwa ine n'zokwanira. Sindifunika kudziwa ngati ndi 40 kapena 70. Ndimangofuna kudziwa ngati mawu awa akuposa awo.

Pali zinthu ziwiri mu Keyword Planner zimene zimasokoneza anthu ambiri, ndipo zinandisokonezanso ine. Choyamba ndi mzere wolembedwa Competition, kutanthauza mpikisano. Ukaona Low umaganiza kuti kukwera pamwamba pa mawuwo n'kosavuta. Ayi ndithu. Mzerewo ukunena za kuchuluka kwa makampani olipira zotsatsa pa mawuwo, sukukhudza zotsatira zaulere. Mawu akhoza kukhala Low koma tsamba loyamba lili m'manja mwa Wikipedia. Chachiwiri ndi dziko. Uyenera kusankha dziko limene kasitomala wako ali pamene akufufuza, osati kumene bizinesi yako ili. Mlendo wathu wa ku Britain amafufuza ali ku Manchester miyezi ingapo asanakwere ndege. Ndikaika Malawi sindimuona. Tsono ndimafufuza kangapo: Britain payokha, South Africa payokha, Germany, Netherlands, kenako Malawi.

Nkhani ya mayikoyi inanditsegula maso pa chinthu china. Mlendo wina wa ku Germany ndinamufunsa pa chakudya cha m'mawa kuti analemba chiyani kuti atipeze, ndipo anandionetsa pa foni yake liwu loti "Malawisee". Ndilo dzina la nyanja yathu m'chilankhulo chawo. A ku Netherlands amati "Malawimeer", a ku Mozambique "Lago Niassa", ndipo obwera kudzera ku Tanzania ambiri amaidziwa kuti "Lake Nyasa". Palibe chida chikanandiuza zimenezi ndikanapanda kuyamba ndalemba mawuwo ndekha, chifukwa chida chimakulitsa chimene wachipatsa. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense ndimamufunsa funso limeneli, ndipo ambiri amasangalala kuyankha.

Kabokosi ka Google komweko nakonso ndi chida. Ukayamba kulemba, kamakumalizira ndi mawu amene anthu ena amalemba, ndipo m'munsi mwa zotsatira mumakhala mafunso ofanana nawo. Kungoti zimene ndimaona ndili ku Chembe zimasiyana ndi zimene amaona munthu ali kunja, ndiye msuweni wanga uja ndimamupempha kuti alembe mawu angapo ali ku Johannesburg n'kunditumizira zithunzi. AnswerThePublic imachita ntchito yofananayo, imasonkhanitsa mafunso oyamba ndi "how", "is", "can" ndi ena, ndipo imalola kufufuza kwaulere kangapo patsiku. Ubersuggest nayonso imalola pang'ono patsiku. Kwa webusayiti ya masamba 20, pang'ono pamenepo pamakwana ukakonzeratu mawu ako pa pepala usanatsegule, zimenenso zimapulumutsa bandulo.

Google Trends ndimaigwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi chokha, kuona nyengo ya pachaka imene anthu amafufuza kwambiri mawu ena ake. Manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu. 100 akungotanthauza nthawi imene mawuwo anafufuzidwa kwambiri poyerekeza ndi nthawi zina. Ukasankha Malawi n'kulemba mawu aatali, kawirikawiri imakuuza kuti deta ndi yosakwanira, choncho imathandiza pa mawu otambalala okha monga dzina la boma kapena la dera.

Sindikunena kuti zida zolipira n'zachabe. Pali chinthu chimodzi chimene zimachita chomwe zaulere sizingathe kuchita mokwanira: kukuonetsa mawu amene webusayiti ya mnzako ikuonekera, ndi mawebusayiti amene akuilozera. Ngati mukupikisana ndi makampani oyendetsa alendo a ku South Africa kapena ku Britain, kapena mukugwirira ntchito makasitomala angapo amene akukulipirani, ndalamayo ikhoza kubwerera. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso, ndikanalipira mwezi umodzi wokha, nditakonzeratu mayina a opikisana nawo ndi mafunso anga, n'kutsitsa zonse mu Excel, n'kuimitsa malipiro tsiku lomwelo. Ndipo ndisanalipire ndikanayesa kaye. Tengani mawu 10 amene mukudziwa motsimikiza kuti makasitomala anu amafunsa, muwalembe mu gawo laulere la chidacho, mutasankha dziko lawo. Onaninso ngati dzikolo lilipo n'komwe pa mndandanda. Chikasowa chonena pa mawu 8 mwa 10, chida chimenecho sichikuona msika wanu, ngakhale chitakhala chotchuka chotani.

Nambala ina imene musaipembedze ndi ya Keyword Difficulty, yoyerekeza kuvuta kwa kukwera pamwamba pa mawu ena ake. Chida chilichonse chimaiwerengera mwa njira yake. Ahrefs, mwachitsanzo, imayang'ana kuchuluka kwa mawebusayiti olozera masamba 10 apamwamba, ndipo mawu omwewo akhoza kukhala osavuta m'chida china, ovuta m'china. Domain Authority, nambala yoyerekeza mphamvu ya webusayiti yonse, ndi muyeso wa kampani ya Moz, Google siigwiritsa ntchito. Ine ndimangotsegula tsamba loyamba la zotsatira n'kuwerenga. Ndikapeza kuti yankho lapamwamba ndi zokambirana za apaulendo za zaka zapitazo, zotchula mitengo ya minibasi imene inasintha kalekale, ndimadziwa kuti pamenepo munthu wokhala konkuno akhoza kupambana. Ndisaiwale kutchula kuti Ahrefs ili ndi gawo laulere la eni mawebusayiti, ndipo Bing Webmaster Tools ilinso ndi pofufuzira mawu paulere. Ziwirizi mukhoza kuzilumikiza popanda khadi.

Tsamba loyamba limene ndinalemba nditasintha njira linali la likodzo. Amalume poyamba anakana. Anati, "Mphwanga, ukufuna kuthamangitsa alendo ndi pakamwa pathu pomwe?" Ndinawauza kuti alendowo akufunsa kale, ndipo tikapanda kuyankha ife ayankhidwa ndi munthu amene sanaponde kuno. Ndinalemba zoona: kuti likodzo m'nyanja muno lilipo, kuti tizilombo take timadzera mu nkhono za m'madzi, kuti mankhwala ake ndi praziquantel, ndi kuti munthu akabwerera kwawo akaonane ndi dokotala n'kumuuza kuti anasamba m'nyanja. Lachiwiri linali la mayendedwe ochokera ku Lilongwe, sitepe ndi sitepe mpaka pa mphambano ya ku Monkey Bay pamene munthu amakwera njinga yamoto kapena matola kulowa ku Chembe. Pa Ilala sindinalembe tsiku ngati lamulo, ndinalangiza kuti munthu azitifunsa sabata imeneyo, poti ndondomeko ya sitima imatha kusintha.

Zotsatira sizinabwere msanga. Miyezi iwiri yoyamba mu Search Console munkangooneka kuti masambawo akuonekera, odina ochepa. Cha m'mwezi wachinayi mauthenga anayamba kusintha kamvekedwe. Anthu ankayamba ndi kunena kuti awerenga tsamba lathu la mayendedwe, kenako n'kufunsa ngati chipinda chilipo. Banja lina linauza azakhali kuti linasankha ife chifukwa ndife tokha amene tinanena za likodzo mosabisa. Makampani akuluakulu aja tikugwira nawobe ntchito, sitinawasiye, koma tsopano pali alendo amene ndalama yawo yonse imalowa m'thumba la amalume.

Gawo limene ndikulimbana nalo panopa ndi la alendo a konkuno. Pa Tsiku la Anakubala, 15 October, komanso pa Khirisimasi ndi Pasaka, amene amadzaza nyanja ndi Amalawi, mabanja ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zida zonse zimene ndatchulazi zimawaona movutikira. Mu Keyword Planner Chichewa sindinachipeze pa mndandanda wa zilankhulo, ndipo ife tikamafufuza timasakaniza: "lodge ku Mangochi mitengo", "cottage ya family ku lake". Ambiri safika n'komwe pa Google, amafunsa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Kwa amenewa ndabwereranso ku kope langa ndi ku Search Console nditasefa Malawi yekha. Mafunso awo ndi ena: mtengo mu makwacha, ngati amaloledwa kubwera ndi chakudya chawo n'kuphika okha, ngati pali poimika galimoto, ngati ana amalipira.

Poti tsamba latsopano limatenga milungu kuti likhazikike pa Google, la October ndimalilemba mu August. Chaka chino ndalilemba m'zilankhulo ziwiri, mitengo ili pamwamba penipeni, ndipo azakhali anandiuza kuti ndiwonjezere zoti mbaula ndi makala zilipo kwa ofuna kuwotcha chambo okha. Amalume anaimirira kumbuyo kwanga n'kuwerenga mzere ndi mzere, kenako analoza pa sikirini n'kunena kuti ndalama ya chikole anthu azitha kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ndilembe zimenezo m'zilembo zikuluzikulu.